Msana wa Kalipentala

Pepalalo linali la tsamba limodzi lokha, koma chilisainireni Lachisanu, Namakala sanadyepo chakudya n'kuchimva kukoma.

Linali Lolemba m'mawa pasukulu ya zojambulajambula, m'kalasi imene ophunzira ankaitcha kalasi ya tayi. M'menemo munalibe penti kapena bulashi. Ankaphunziramo zimene wojambula amachita akatuluka pageti la sukulu: kusanja zithunzi zake m'fayilo, kulemba mawu ochepa ofotokoza ntchito yake, kulankhula ndi eni nyumba zoonetsera zithunzi mawondo osagundana.

Aphunzitsi, mayi wamfupi wa magalasi omangirira chingwe, ananyamula chithunzi china n'kuchitembenuza.

"Kuseri kwa chithunzi timamatako chiyani?"

"Mutu wake, kukula kwake, chaka, dzina la wojambula," kalasi yonse inayankha ngati tiana.

"Nanga ngati wajambula munthu?"

"Fomu ya chilolezo."

"Yosaina ndani?"

"Mwini wake."

"Mwini wake," anabwereza aphunzitsi. "Osati azakhali ake, osati chibwenzi chake. Thupi la munthu si mango a m'mbali mwa msewu oti aliyense azingothyola. Ukalipachika pakhoma iye asanalole, ndiwe wakuba, ngakhale ulijambule mokongola bwanji. Ndipo pantchito yathu ino, mbiri ikasweka siimatidwa ndi guluu."

Namakala anaweramira zala zake, zakuda ndi makala ojambulira monga mwa masiku onse. Pambali pake panakhala mnzake wogona naye chipinda chimodzi, amene aliyense ankamutcha Wayilesi, chifukwa nkhani ikalowa m'khutu mwake m'mawa, masana inkakhala itafika kwa alonda. Anamugunda ndi chigongono.

"Paja kalipentala wako anasaina, eti?"

"Anasaina."

"Liti? Mlungu wathawu sunapondeko kushopu kwake."

"Tamvera aphunzitsi, iwe."

Wayilesi anangomwetulira n'kumaluma cholembera.

* * *

Kalipentalayo anadziwana naye chaka chatha. Anamutengera kumeneko ndi Wayilesi yemweyo. Ankati wapeza mnyamata wokhoma mafelemu osapindika, waulemu, wamanyazi, "komanso ndi wanga, usamuyang'ane kawiri."

Koma mnyamatayo maso ake anagwera pazala za mlendo.

"Achemwali, mumagulitsa makala kapena?"

"Nanga inu mumagulitsa utuchi? Wadzaza m'mutu monsemo."

Anaseka mpaka pensulo inagwa kukhutu. Kuyambira tsiku limenelo iye anakhala Bambo Utuchi, mtsikanayo anakhala Namakala, dzina limene linamutsatira mpaka kusukulu. Wayilesi anakhala milungu iwiri osamulankhula.

Chinthu chimodzi chinkamudabwitsa Namakala. Kaya kutenthe bwanji, mnyamatayo ankavala malaya a mikono yaitali, omanga mabatani mpaka pakhosi. Ankapala matabwa thukuta lili kamukamu, koma batani ngakhale limodzi osamasula. Tsiku lina Lamlungu masana, shopu ili yotseka, anamufunsa.

Mnyamatayo anatola msomali n'kumasewera nawo.

"Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, nyumba yathu inapsa ine ndili m'kati. Amayi anasiya kandulo ikuyaka, n'kupita kwa aneba kukapempha mankhwala. Ndinagona m'chipatala pafupifupi chaka. Kusukulu sindinabwererenso." Anaponya msomali uja m'chitini. "Ine sindibisa chifukwa cha anthu ayi. Anthu aziona, sandidyetsa. Ndimabisa chifukwa cha amayi. Kale akangoona msanawu, ankatha masiku atatu osadya, osalankhula, akungoyang'ana khoma. Ndiye chiyambireni kusamba ndekha, malaya sindivula pamaso pawo. Ndinawauza kuti zipsera zinafufutika."

"Zinafufutikadi?"

M'malo moyankha, anatembenuka n'kumasula mabatani.

Namakala sanalire, sanakuwe. Anaona zipsera zoyambira pakhosi mpaka m'chiuno, zina zosalala ngati sera, zina zokwinyika ngati khungwa la mtengo. Dzanja lake linayamba kuyabwa lokha.

"Undilole ndikujambule."

"Chonyansa chimenechi?"

"Si chonyansa. Iwe sunachione, chili kumbuyo."

Anaganiza, kenako anati, "Jambula. Koma chikhale chako ndi changa basi. Chisatuluke pansi pa bedi lako."

"Ndalonjeza."

Zinatenga Malamlungu anayi. Anamujambula atakhala pabenchi, msana wonse poyera, nkhope itapenyera kumbali, pensulo ili kukhutu. Chitatha, mwini wake anakana kuchiona. Anati adzachiona tsiku lina, mtima ukadzalimba. Namakala anadziwa kuti chiyambireni kugwira bulashi, sanajambulepo chinthu ngati chimenecho. Kudziwa kumeneko ndi kumene kunamupweteketsa.

* * *

Mlungu wathawo kusukulu kunabwera mwini nyumba yoonetsera zithunzi, mayi wamtali wosaseka, kudzasankha ophunzira atatu oti aonetse ntchito zawo. Aliyense ankadziwa kuti wosankhidwa ndi mayi ameneyu, njira yake yatseguka.

Anatsegula fayilo ya Namakala n'kumaphetula masamba mwachangu. Maluwa. Msika. Basi yodzaza anthu.

"Dzanja uli nalo," anatero. "Koma izi aliyense amajambula."

Fayilo inayamba kutsekeka. Palibe amene anamukakamiza Namakala. Anapisa yekha m'thumba, natulutsa foni, naonetsa chithunzi cha pansi pa bedi chija.

Mayi uja anavula magalasi. Anayang'ana, nayang'ananso.

"Ichi. Ndani ameneyu?"

"Mnzanga."

"Walola?"

"Alola."

"Ubwere nacho Lachisanu, fomu yosainidwa ili kuseri."

Masiku atatu anayenda ndi fomuyo m'chikwama. Kawiri konse anakwera basi yopita kushopu, kawiri konse anatsikira panjira. Ankadziwa yankho. Lachisanu litakwana, anakhala pamasitepe a nyumba yoonetserayo, natsamiritsa pepala pabondo, nalemba dzina la mnyamatayo ndi dzanja lake la wojambula, zilembo zopendekera bwino, za michira.

Ndiye poti mtima unkamutsutsa, anafuna kuupepesa. Anauza mayi uja kuti akudziwa kalipentala wokhoma mafelemu abwino, napereka nambala yake. Anangowonjezera kuti chake chokha chisalowe m'felemu, chimaoneka bwino chili chomwecho. Anatuluka akudziuza kuti wamuchitira mnzakeyo zabwino.

* * *

Kalasi ya tayi itatha, foni inalira. Bambo Utuchi sankalemba mameseji, ankatumiza mawu. Namakala anaika foni kukhutu, namva sowo ikulira chakumbuyo.

"Namakala wanga, kaya uli kuti, siya zonse ubwere. Ndili ndi nkhani yonona. Usambe m'manja, kuli amayi."

Anawapezadi amayi atakhala pampando pafupi ndi khomo, basiketi ya chakudya ili pamiyendo. Anawapatsa moni atapinda maondo.

"Tili bwino," anayankha akuyang'ana kwina. "Afika ajambuli."

Mwana wawo sanamve n'komwe. Nkhope inali ngwee.

"Mayi wa zithunzi uja wandiimbira! Akuti mafelemu onse a chionetsero ndikhome ine. Akuti wandinenera ndi iweyo. Amayi, mwamva? Mumati ameneyu adzandithandiza chiyani?"

"Ndamva, si ine gonthi." Amayi anakonza nsalu ya pabasiketi. "Ine ndinanena kale. Akazi ena amakuphikira, ena amakuchapira. Uyu adzakupachika pakhoma."

"Amayi inunso!" anaseka mnyamatayo. Namakala anayesa kuseka nawo.

"Nanga chako chimene anasankha ndi chiti?"

"Cha basi chija."

"Chija cha nkhuku pawindo? Ndidzachikhomera felemu yoti zinazo zichite nsanje."

"Changa sichifuna felemu."

"Aa, mkazi wa kalipentala kukhala pansi, mipando ilipo?"

"Mkazi wa ndani?" anafunsa amayi.

Pobwerera mnyamatayo anamuperekeza mpaka pamsewu. Dzuwa linali likuswa mtengo, iye malaya ali chimangire mpaka pakhosi. Namakala anaima.

"Pali chimene ndikufuna ndikuuze."

"Za amayi? Usawawerengere. Amandiopera, basi. Chichitikireni ngozi ija amaona ngati aliyense abwera kudzandipweteka. Dzulo ndawauza kuti, amayi, mtsikana ameneyu mungamunene zala zakuda, koma sanandinamizepo ngakhale kamodzi." Anamuchotsa kautuchi paphewa. "Umati chiyani?"

"Ayi. Ndimati zikomo pondiperekeza."

Basi itanyamuka, anaona pawindo mnyamatayo akadali chiimire, akumubayibitsa ndi pensulo.

* * *

Lachitatu masana Namakala anamupeza Wayilesi atagwada m'chipinda, akusuzumira pansi pa bedi.

"Ukufuna chiyani pamenepo?"

"Nsapato yanga. Koma ndikuona kuti pansi pano pasesedwa bwino. Mlendo wathu uja anasamuka?"

"Si za iwe."

Wayilesi anadzuka akusasa m'maondo. Iye pachionetsero sanasankhidwe, koma anadzipereka kuthandiza kunyumba yoonetsera, kupinda makadi oitanira anthu ndi kuwagawa.

"Chithunzi chako ndachiona kumeneko. Ndi chabwino, sindikana. Ndinaonanso kuseri." Anakhala pabedi n'kupinda miyendo. "Munthu amene amalemba manambala ngati nkhuku yapalasa, lero wasaina ngati woweruza milandu? Anaphunzira liti, mchemwali?"

Namakala anatseka chitseko.

"Chonde, usanene."

"Ine? Ndinenenji ine? Unanditengera munthu wanga, ndinakhala chete. Unanditengera malo pachionetsero, ndinakuombera m'manja."

"Sanali wako. Sanakufunsirepo."

"Akanandifunsira ukanapanda kubwera ndi zala zakozo. Koma ine sindikanamuvula malaya pamaso pa tauni yonse." Anatola chikwama chake. "Usade nkhawa, Wayilesi yazima. Mapepala amalankhula okha."

Namakala anatsala atakhala pansi, msana utatsamira chitseko. Chimene chinamuwawa si kunyozako. N'chakuti Wayilesi, kamodzi kokha pamoyo wake, ananena zoona.

* * *

Lachinayi m'mawa anagogoda kuofesi ya aphunzitsi. Anawapeza akudula makatoni.

"Aphunzitsi, ndili ndi funso. Munthu atasainira mnzake fomu ija, koma cholinga chake chili chabwino..."

"Munthuyo ali ndi zala zakuda?"

Misozi inayamba yokha. Aphunzitsi anaika mpeni pansi. Sanakalipe.

"Mwini wake akudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye wabwera khomo lolakwika. Ine ndine wachitatu. Uyambe kwa mwini thupi, kenako kwa mwini nyumba, ukamaliza ubwere kuno tidzakambe za sukulu."

"Malo anga pachionetsero atha."

"Mwina atha. Zionetsero zimabwera chaka ndi chaka, mwana iwe. Koma munthu wokulola kuti umuyang'ane pamene iye mwini saonapo, sabwera chaka ndi chaka. Thamanga."

* * *

Anatsika basi isanaime bwino. Akukhota pakona, anaona galimoto ya kunyumba yoonetsera ikuchoka pashopu.

M'katimo sowo inali chete. Zithunzi zonse zinali zitatsamira khoma, nkhope zitayang'ana kukhoma, misana ili kunja. Bambo Utuchi anaima patsogolo pa chimodzi chachikulu, tepi yoyezera ili lende m'manja. Sanatembenuke.

"Mayi uja wati zonse zilowe m'felemu," anatero. "Ndi chanu chomwe."

Chiyambireni chibwenzi chawo anali asanamunenepo kuti inu.

"Ndimabwera kudzakuuza."

"Ife akalipentala timayamba kuyeza kuseri. Kutsogolo sindinaoneko." Analoza kapepala komata pakona. "Apa zanditengera nthawi, koma ndawerenga. Msana wa kalipentala. Ndinati mwina ndi kalipentala wina, tilipo ambiri. Kenako ndaona apa." Chala chinatsikira pafomu. "Sukulu ndinalekera panjira, koma dzina langa ndimalidziwa."

"Ndikhululukire."

"Mwandilembera bwino. Taonani michira yakeyi. Ine ndikamalemba dzina limeneli ndimatuluka thukuta, lilime lili kunja. Pamafelemu anga ndimangotema timizere titatu, mumadziwa." Apa ndiye anatembenuka. Maso anali ofiira koma ouma. "Tandiuzani chimodzi. Munachita manyazi ndi kalembedwe kanga, kapena munadziwa kuti ndikana?"

Namakala akanatha kunena kuti nthawi inachepa. Akanatha kunena kuti ankafuna kumudabwitsa. Mabodza anali pamzere pakamwa, okonzeka.

"Ndinadziwa kuti ukana."

"Ehe. Bola pamenepo."

"Fayilo inkatsekedwa. Ndinaona zaka zitatu za sukulu zikupita m'madzi. Ndinatulutsa foni ndekha, palibe anandiuza. Ndinasankha ine, ndikudziwa za amayi ako, ndikudziwa zonse."

"Ndipo Lolemba munandisiya ndikukutamandani pamsewu paja."

"Eya."

Mnyamatayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nayamba kukulunga tepi ija.

Namakala anapita pachithunzipo, namatula fomu ija, naing'amba pakati. Kenako anatulutsa foni, naimba, naikweza mawu kuti onse amve.

"Mayi, ndine wa chithunzi cha msana. Fomu ija sanasaine mwini wake. Ndinasaina ndine. Sanalole, ndipo sindinamufunse. Ndikuchichotsa."



"Ukudziwa chimene wachita?" anafunsa mayi uja. "Chichoke. Iwenso uchoke, pakhomo panga usadzapondenso chaka chino. Koma wachedwa, mtsikana. Chithunzi chimenecho ndi chimene ndinaika pamakadi oitanira anthu. Anasindikizidwa dzulo. Mnzako uja wanyamula mtolo m'mawa uno, akugawa."

Foni inaduka.

Anayang'anana. Panja njinga yamoto inadutsa, phokoso lake n'kuzilala.

"Ndiye malo akowo?" anafunsa mnyamatayo motsitsa. Namakala anamva kuti inu uja wagwa, koma sanayerekeze kukondwa.

"Apite. Makadiwo ndiyenda khomo ndi khomo, nditolera."

"Makadi angati?"

"Sindikudziwa."

Mnyamatayo anapuma mwamphamvu, napukuta nkhope ndi mkono wa malaya. Kenako anayandikira chithunzi chija n'kugwira m'mphepete mwake.

"Tauni yonse ikuona msana wanga, ine mwini wake ndekha ndiye ndisauone? Sindinakukhululukire, usaganize molakwa. Koma gwira uko, titembenuze."

Namakala anagwira mbali inayo. Anali atangochinyamula pang'ono pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka.

Anali amayi. Basiketi analibe. Mpango unali utapendekera, kuphazi kuli nsapato za m'nyumba. M'dzanja anagwira kakhadi, atakafinya mpaka kupindika.

"Kwabwera mtsikana kunyumba," anatero. Mawu awo anali aang'ono, osati aja a Lolemba. "Waulemu wake. Akuti, amayi, mwana wanu watchuka, musadzalephere kubwera."

"Amayi, ndikufotokozereni..."

"Unandiuza kuti zinafufutika."

Mnyamatayo anasiya chithunzi. Namakala anatsala atachigwira yekha, chikumulemera. Anayamba kuchitsamiritsa kukhoma kuti atuluke, awasiye awiri.

"Iwe wa makala, usachoke," anatero amayi osamuyang'ana. "Wamuona mwana wanga kuposa ine amene ndinamubala. Ima pomwepo, uone chimene wayambitsa."

Analowa, nakankha chitseko ndi chidendene mpaka chinatsekeka. Anaika khadi lija pabenchi, pakati pa utuchi, naliwongola ndi chikhatho. Kenako anayang'ana mwana wawo.

"Vula malaya."

Mnyamatayo anayang'ana amayi ake, nayang'ana Namakala. Dzanja lake linakwera pang'onopang'ono mpaka pakhosi, n'kuima pabatani loyamba.